Bowo la Nayiloni

Che Mtalika sananene kanthu.
Anangotola chidutswa cha nayiloni chimene ndinaboola,
nachiloza ku dzuwa la Okutobala
lodontha pa lata long'ambika la shedi yathu ku M'baluku,
kenaka anachinunkhiza.
Fungo la kandulo yozimitsidwa ndi zala.

Ine ndinakulira pa chitsulo.
Chitsulo ukachilakwira chimakuwa, chimalavula moto,
kutentha chimakumwaza m'thupi lonse
mpaka kukuotcha m'manja kuti udziwe.
Pulasitiki sadandaula. Amasunga.
Moto wonse umatsalira pomwepo, m'khosi mwa bowo,
ngati mawu amene m'bale wako anameza pamaliro.

Ndinathamangitsa makina, inde,
poti magetsi amathawa nthawi ina iliyonse,
poti Asiyatu wa ku Chimwala anali panja ndi njinga yake,
mjigo wa kwawo utafa milungu iwiri
chifukwa cha kachidutswa koyera aka,
ndalama zosonkha khomo ndi khomo zili pamfundo ya chitenje.

Bowo langa linatuluka ndi milomo yotupa,
m'kati mwasungunuka, mwachita mizere,
ndipo litazizira linafinyika,
chitsulo chake n'kukana kulowa.

Mkuluyo ananola dzino la choboolera pamwala,
natsitsa lamba kuti makina ayende ngati odwala.
“Dzino lobuntha silidula, limangokhula.
Ukathamanga, uwotcha.
Ukanyengerera kwambiri, uwotchanso,
dzino likungozungulira pamodzi osaluma.”

Analowetsa pang'ono. Anatulutsa.
Anapemerera, nadonthezera madzi a m'botolo la sobo.
Analowetsanso.
Zopala zinakwera zazitali, zopiringizika,
zoyera ngati ulusi wa telala wa pakhonde,
osati phala lomata lija ndinapanga ine.
Pafupi kutulukira kuseri anafewetsa dzanja,
mmene umatsegulira chitseko mwana akagona.

“Pisa chala.”
Ndinapisa. Mofunda chabe, mosalala,
ngati m'khutu mwa mbale ya dothi.

Magetsi anazimadi, koma titatha.
Asiyatu anamasula mfundo, nawerenga kawiri,
nakulunga kachidutswako m'pepala la shuga.
Msewu unammeza m'fumbi la ma kabaza.

Bowo langa lolephera lija
Che Mtalika analikoloweka pamsomali, pamwamba pa makina.
Lilipobe. M'mawa uliwonse limandiyang'ana
ndi diso lake limodzi lotupa
ndisanagwire lamba.