Wodya Pang'ono

Ndakwera zitunda za Usisya pa lole ya matola,
ngalawa ndaisiya pa nangula, thanga nditakulunga,
ndipo Mzuzu wandilandira monga achitira:
nkhungu, mawawa, mphuno kuuma ndi chisanu.
Kuno kulibe nyanja,
koma za panyanja timagula kuno.

Kashopu ka Walusungu kali kuseri kwa depoti,
pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wa nthochi.
M'katimo mukununkha mtovu wopsa ndi tiyi wozizira.
Ndati, Mlongo, ndikufuna kompyuta.
Wati, Yotani?
Ndati, Yodya pang'ono.

Waseka. Ine osaseka.
Batire langa ndi limodzi, lakale, la thirakitala,
ndipo likuyamwitsa kale ana atatu:
nyali ya pamlongoti,
wailesi yomvera za mwera,
ndi pampu, mwana wadyera uja,
amene madzi akalowa pansi sadziwa kukhuta.
Sola yanga ndi yaing'ono ngati lichero.
Mitambo ikakhala masiku awiri, tonse tili pa njala.
Tsono wachinayi akabwera ndi mimba yaikulu
ndidzazimitsa ndani?

Wayamba ndi laputopu yonyezimira,
yoti bwana aione akupatse mpando.
Waiyatsa, fani mkati fuuu,
ngati munthu wokwera chitunda atasenza thumba la usipa.
Walumikiza mita yake yachikasu, nambala zathamanga.
Ndakumbuka mlamu wanga Chakufwa
amene tinamutenga ulendo wa ku Ruarwe:
kamba wa masiku anayi anatha Lachiwiri.
Ndati, Iyi ndi Chakufwa. Bwezerani.

Yachiwiri inkafuna kabokosi kosinthira moto,
ndipo kabokosiko nako kamadula msonkho wake.
Ndati, Ine wa pakati sindimufuna.
Ndili ndi mavoti khumi ndi awiri basi,
ndipo si oponya pa chisankho.

Ndiye watsegula dirowa.
Kathabwa kobiriwira, kokwana pachikhatho,
kopanda chivundikiro, kopanda fani, kopanda ulemu,
timiyendo tasiliva ngati kachirombo kogona chagada.
Ndati, Ichi n'choseweretsa mwana?
Sanandiyankhe. Wangokalumikiza ku batire la njinga yamoto.
Mita yagwedezeka pang'ono,
ngati munthu wofunsidwa ngati wakhuta, n'kungoti eee.

Mapu atuluka pa kagalasi.
Mochedwa, inde. Ndinawerenga mpaka makumi atatu.
Koma miyala ya pa Mphandakucha ili pomwe ndimaidziwa,
ndipo buku la ngongole likwanamo:
matumba a simenti a kusukulu,
makatoni a mankhwala a kuchipatala,
ndi Gondwe amene sanalipirebe malata.

Pomwepo magetsi athima.
Wosoka nsapato watukwana, wometa waima pakhomo
ndi kasitomala wa mutu watheka.
Mzere wonse mdima.
Pa tebulo la Walusungu kadiso kofiira kakuphethirabe,
osadziwa n'komwe kuti tauni yagwa.

Tatsutsana mtengo mumdimamo.
Iye wati dola yakwera, ine ndati usipa watsika.
Wandichotsera ya waya.
Kenako wakhuthula mbatata m'kontena ya mwana wake,
waipukuta ndi mpango, waikamo kathabwa kaja.
Wati, Madzi ndiye mdani, osati njala.
Mukamate pakamwa pake ndi labala.
Kakafa musakataye, mukabwere nako ndidzaone.

Panja mawawa sanaleke.
Ndakabisa m'jekete, kumanzere,
ndikudutsa pakati pa akabaza ndi matope.
Sikalemera kuposa buledi watheka.
Lole inyamuka ikadzaza, mwina mawa.
Ndakhala pa thumba la wina la feteleza
ndikuwerengetsa ndi zala:
nyali maola khumi, wailesi awiri,
pampu monga Mulungu afunira,
ndipo kotsalako, kochepako,
n'kwa mlendoyu.