Vezhoni Yatsopano Yafika ku Dedza

Uthenga unandipeza nditavala majuzi awiri,
chifunga chitatsika m'phiri kudzakhala pakhomo ngati wobwereketsa ndalama.
"Nkhani yabwino!" inatero sikirini.
"Chida chanu chomangira mapulogalamu tachisula mwatsopano.
Chapepuka. Chikuthamanga. Tsitsani lero."

Chapepuka, akuti,
koma chikulemera magigabaiti atatu,
ndipo bandulo yanga ndi ija ya usiku,
yodzuka anthu akagona
n'kufa atambala asanamalize kukangana.

Foni ndinaikoleka pa msomali wa pawindo,
pokhapo pamene netiweki imalola kulowa m'nyumba ya lendi ino.
Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa.
Fote. Sikisite. Sevente-eyiti.
Ndinapumira m'manja, zala zitauma gwa.
Pa nayinte-wanu magetsi anathima.
Galu wa a Chimphamba anauwa kamodzi kokha,
ndipo ndikulumbira kuti ankaseka.

M'mawa, m'shopu yometera ya Sekanawo,
laputopu ikuyamwa sola pakati pa tsitsi la anthu,
ndinawerenga zimene asintha.
Zambiri n'zokoma, ndisaname:
chimene chinkanditengera mizere makumi awiri
tsopano ndi mzere umodzi.
Koma pansi penipeni, m'timalemba taulemu,
"Mafoni akale sitiwathandizanso."

Ndinaona Nangondo wa pa Lizulu.
Foni yake yomanga ndi mphira wa chubu,
galasi long'aluka ngati dimba mu Okutobala.
M'menemo ndi mmene mumakhala kapulogalamu kanga,
kokumbukira amene anatenga kachewere pa ngongole:
wa lole ya ku Limbe, matumba asanu;
mnyamata wa tchipisi pa depoti, thumba ndi theka,
amene Lachisanu lake silinafike chiyambire Epulo.
Foni imeneyo ikawoloka msewu kukagula anyezi
imalonjeredwa m'Chipwitikizi,
imabwerako itasokonezeka, yosadziwa kwawo,
koma ngongole sinaiwalepo ndi imodzi yomwe.

Amene analemba kuti "akale" sanaimepo pa Lizulu.
Sindikumuda.
Mwina naye anagona mochedwa, maso ali psuu,
kusaka kadontho kamodzi kosochera pa mzere wa mazana atatu.
Ndife amodzi, iye ndi ine,
kungoti kwawo chaka chikatha foni imakalamba,
kuno imangosintha mwini.

Ndinayesabe, poti mtima wa mmisiri sumva.
Usiku wachiwiri chinatsika chonse.
Nditadina kuti chimange,
zolakwa makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri
zinafiira pa sikirini ngati tsabola pa mkeka.
Ukazula chimodzi, zitatu zaphuka,
namsongole weniweni.
Tiyi anazizira m'kapu, ine osadziwa.

Lachinayi ndinabwerera m'mbuyo.
Nambala ya vezhoni yakale ndinaikhomera pamalo pake
monga timakhomera lata mphepo ya Juni ikayamba mwano,
ndi mwala pamwamba.
Kenaka ndinawalembera eni chida, mwaulemu nanenso:
kuno akalewo ndi amene ali pa ntchito.
Patapita masiku asanu ndi anayi wina anayankha,
dzina lake sindingalitchule osaluma lilime,
anati, "Tamva. Tiganizira."
Ndinawerenga kawiri. Ndinamuuza Sekanawo.
Iye anangofunsa ngati ndimete m'mbali mokha.

Loweruka Nangondo anaimba,
kumbuyo kwake minibasi zikulimbirana anthu a ku Ntcheu.
Za vezhoni sanafunse.
Anati, "Iwe Mzati, kabatani kolembera amene walipira kaja
n'kakang'ono ngati nthata.
Zala zangazi ndi za khasu.
Dzulo ndakhululukira munthu matumba awiri mosafuna."

Ndiye nayi nkhani ya sabata ino
kuchokera ku nyumba yachitatu kuseri kwa chigayo:
batani lakula.
Likufunsanso kuti, "Mwatsimikiza?"
Likulemera makilobaiti khumi ndi awiri,
ndipo ndikalipereka ndekha Lachiwiri,
pa kabaza.