Mamita Khumi ndi Asanu

Ine ndine wotayipa chabe
mu ofesi ya a loya pa Nchalo,
kuseri kwa sitolo ya matayala a njinga.
A loyawo amabwera Lachinayi lokha,
kutsika Thabwa jekete lili pamkono.
Masiku enawo ndimatsala ndi mafayilo
ndi fani yomwe imapuma magetsi akapuma.

Lero kwafika mayi Felesiya Nyamazawo
kuchokera ku Bangula, fumbi mpaka m'nsidze.
Chikalata cha malemu amuna awo
achikulunga m'jumbo ya shuga, jumboyo m'mpango.
Atafunyulula ndinaona mzere wofiirira
wodutsa pakati pa dzina ndi nambala ya puloti.
Akuti apo ndi pomwe madzi analekezera
chaka chimene anagona masiku atatu
padenga la sukulu, mbuzi imodzi ili pamiyendo.

Wogula ndi Zuze Alufandika,
mnyamata wa thonje, wa mafoni awiri.
Akufuna kuikapo chigayo mvula isanagwe.
Phazi lake silikukhazikika pansi.

Chikalata chikuti mamita makumi asanu ndi limodzi
kuyambira pa mtengo wa masawu kufika pa bikoni.
A saveya anapita dzana ndi chingwe chawo,
anapeza makumi anayi ndi asanu.
Kotsalako mukusambira matemba.
Bikoniyo mwina inadutsa kale pa Marka
popanda woifunsa chiphaso.

Shire sanalembepo mayeso a zamalamulo,
sapereka msonkho wa sitampa,
sadikira kalata yochokera ku Blantyre,
koma wasintha umwini wa malo ochuluka
kuposa ofesi ino chiitsegulireni.

A loya anawerenga mokweza, ine ndikumasulira,
mawu aatali aja ndikuwadula
ngati nzimbe yopatsa mwana.
Mayiwo anangogwedeza mutu mpaka pa mtengo wogulira.
Kenaka anati, imani kaye.
Khumi ndi asanu ali m'madziwo
sindikugulitsa.
Pamenepo panali khitchini,
ndi pomwe ndinachirira Bizeki usiku wopanda mwezi.
Mtsinje suba, umabwereka.
Tsiku ukadzabweza, udzapeze dzina langa.

Zuze anaseka, nati tengani, mayi, ndi ng'ona zomwe.
A loya anavula magalasi,
kupukuta thukuta pamphuno.
Anati lamulo lilibe fomu ya malo omira.

Basi, tinapitiriza.
Chala chachikulu mu inki,
chala chachikulu papepala,
mizere yake yofufutika ndi mpini wa khasu
moti tinabwereza kawiri.
Mboni ziwiri zinasaina.
Chidindo chinagwa, pha!
ndipo dzina la Nyamazawo linatsika pamalo aja
mwakachetechete, ngati munthu wotsika basi
pa siteji yomwe palibe womuchingamira.

Ndalama anazimanga m'mpango womwe uja.
Jumbo ya shuga anaisiya patebulo.

Madzulo, magalimoto a nzimbe akugwedeza mawindo,
ndisanaike fayilo m'kabati
ndinatsegula chikuto chakumapeto
n'kulemba ndi pensulo, timalemba tating'ono:
Mamita 15, pansi pa madzi,
mwini wake F. Nyamazawo.

Sizigwira ntchito kukhoti, ndikudziwa.
A loya akadzaziona adzandiuza ndifufute.
Koma kufikira Lachinayi likudzali
mayi aja ali ndi malo.