Ndekha

Mawu ake oyamba sanali "amama."
Ndinadikira miyezi khumi ndi inayi,
khutu lili tcheru ngati la mlonda wa pageti,
koma tsiku lina magetsi atathima tili kudya
Zaithwa analoza babu ndi kachala kamafuta
nati, "Apita."
Bambo ake anaseka mpaka kutsamwa.

Pano ali ndi zaka ziwiri ndi theka
ndipo nyumba yathu ya lendi kuno ku Chilobwe
yachepa chifukwa cha liwu limodzi.
Nsapato, ndekha.
Yakumanzere kuphazi lakumanja,
ziwirizo kufulatirana ngati anthu oyambana,
iye n'kuguba nazo mpaka pampopi
umene sunadonthe kuyambira Lachiwiri.
Amaumenya ndi kadzanja: "Dzuka, iwe!"

Phala, ndekha.
Lina m'kamwa, lina m'tsitsi,
lina pa bulauzi yomwe ndasita ndi makala m'mamawa.
Ndikati ndigwireko supuni
mlomo umatalika: "Ayi. Yanga."
Ndimabweza dzanja
ngati wogula amene wauzidwa kuti katundu watha.

Wotchi sidziwa za ndekha.
Kushopu ya nsalu ku Limbe
abwana amayamba kuona nthawi asanaone nkhope yanga.
Koma pano pali batani lachitatu la diresi,
kalilime kali panja, mpweya wagwidwa,
batani likuterereka, likubwerera, likuterereka,
ine chiimire, chikwama paphewa,
ndikutafuna liwu loti "fulumira"
mpaka lasanduka malovu.
Lalowa.
Wandiyang'ana ngati wamanga Soche ndi manja ake.

Loweruka ndinakwera naye minibasi.
Sanayankhule ulendo wonse, maso okha mbee,
ndasi lomwe anamupatsa aNachisale likufewa m'chikhatho.
Madzulo ndikutsuka mbale ndinamva pakhonde:
"Limbe! Limbe! Mmodzi yekha!
Sunthani, amayi!"
Wandanda zitsekerero za mabotolo pabenchi,
sokosi ya bambo ake, mphaka wokana kukwera,
ndi chidole chija chopanda mkono pampando wakutsogolo.
Ndinaseka ndekhandekha.
Kenaka mawu anatsika, nakhala a munthu wina:
"Iwe, ndatopa nawe, wamva?"
N'kuusa moyo.
Kuusa kwanga kwenikweni, kwa Lachisanu madzulo.
Mbale inakhala m'manja mwanga
mpaka thovu linauma.

Sindinkadziwa kuti amatola zonse,
ngakhale zimene ndimataya ndili chofulatira.
Ndinapita kukakhala pansi pafupi ndi benchi.
Ndinafunsa ngati malo alipo.
Anandiyeza ndi maso, nati, "Ndalama."
Ndinalipira tsamba la peyala.
Chenji sanandipatse.

Masiku ano mafunso ndi ambiri kuposa mayankho anga.
Ichi n'chiyani? Nanga ichi? Chifukwa?
Mvula ikupita kuti? Galu ali ndi amake?
Ababa akapita kuntchito usiku, amagona pati?
Ena ndimayankha, ena ndimanama pang'ono,
ena ndimangoti tidzafunsa mawa,
ndipo mawalo iye saiwala.

Dzulo wakoka kamatiresi kake
kuchoka pambali pa bedi langa mpaka kukhoma,
masitepe anayi a munthu wamkulu.
"Ndigona ndekha."
Ndinamufunditsa, anadzifundula, nadzifunditsa yekha,
mapazi onse ali pamtunda.
Ndinazimitsa kandulo.
Bedi linakula ngati bwalo la mpira anthu atabalalika.
Ndinamvetsera agalu a kumtunda,
njinga yamoto yochedwa ikukwera chitunda,
kupuma kwake kutali uko, kutsidya kwa chipinda.

Sindidziwa inali nthawi yanji.
Ndinangomva kaphazi kozizira m'nthiti,
kabondo pamimba,
fungo la sopo ndi chiponde pakhosi panga,
ndi mawu a tulo, olamula, a kondakitala:
"Amama, sunthani."

Ndinasuntha.