Zobwerera

Ku Mainz kwada msanga lero.
Henrike wafufuta bolodi kachitatu,
fumbi la choko layeretsa mkono wa juzi.

Phata la atomu sanalionepo, sadzalionanso.
Amangoligenda ndi maelekitironi a m'masamu
n'kumawerenga makhotedwe ake:
ambiri angodutsa ngati palibe kanthu,
ena apatuka pang'ono,
imodzi mwa zikwi yabwerera komwe inachokera.
Imeneyo ndiyo yaulula kukula kwa chobisikacho.

Mzere wake pakompyuta waphonya madontho
amene Torben anayeza m'chipinda chapansi.
Waphonya ndi katsitsi chabe,
koma katsitsiko kamulanda tulo.

M'sitima akuimbira bambo ake ku Husum.
Mafunso asanu angodutsa, zii.
Watchula dzina la malemu mayi ake,
mawu abwerera
akunjenjemera.