Denga la Dona Ermelinda

Telmo anaitumiza kuchokera ku Lyon
m'katoni yonga ya nsapato:
dironi ya timapiko tinayi, diso limodzi kumimba.
Pamsana pake ndinamatapo nambala ya boma
ngati kachibangili ka khanda kuchipatala.

Loweruka ndinalawirira, ine Baltasar wa ku Beja,
maola awiri pamsewu, kulunjika kumaphompho a kugombe.
Ndinkangofuna chinthu chimodzi:
kagombe kobisika pansi pa thanthwe
komwe malemu bambo ankatsikira pachingwe
kukagomola nkhono m'miyala.
Mawondo angawa anakana kalekale kutsikako.

Nditafika, mapu a m'foni anafiira, psuu,
ngati chilonda chatsopano.
Ndinaigwedeza foniyo. Sinasinthe maganizo.

Mtsikana wa yunifolomu, Noémia dzina pachifuwa,
sanandikalipire ayi.
Anangondipatsira magalasi ake oonera patali.
Uko, pansonga ya mwala umene nyanja imauwomba mbama usiku ndi usana,
chisa chachikulu ngati tayala la thirakitala,
dokowe ali chiimire ndi mwendo umodzi,
timitu titatu tili kukamwa yasa!
«Kandege kanu kakalira, make athawa.
Make akathawa, mphepo ya kuno sidikira.
Lembani kalata yopempha chilolezo.
Mudzayesenso anapiye akauluka.»

Ndinati: Koma ndi bambo anga.
Anati: Awonso ndi ana a wina.

Ndinabwerera, mabatire odzaza,
mtima uli phwa.

Kupitirira Odemira mapu anayera.
Koma mapu kuyera sikuti munda ulibe mwini.
Ndinaimika galimoto, ndinavula chipewa, ndinaodira pageti.
Dona Ermelinda, mpango wakuda, galu wa miyendo itatu,
anaiyang'ana dironi monga momwe amayang'anira nsomba pamsika.
«Nkhosa zanga zili kuseri, musadutse pamwamba pake.
Uko kwa a Fragoso musalozeko diso lanulo,
mkuluyo amaothera dzuwa monga anabadwira.
Ndipo mukakwera, mundionereko denga.
Likudontha pabedi chiyambire Januwale.»

Kanadzuka ngati njuchi yokwiya,
fumbi koboo, galu n'kubisala.
Pagalasi panabwera mitengo yosendedwa makungwa,
manambala oyera pathunthu lililonse,
chitsime, chingwe cha zovala,
ife awiri, timadontho tiwiri, wina wadazi.
Kenako denga.
Mzere wachitatu kuchokera pa chumuni,
phale limodzi losweka pakati ngati buledi.

Anagwira dzanja langa kuti chithunzi chisagwedere.
«Zaka makumi asanu ndi ziwiri ndagona pansi pake,
msana wake ndikuuona lero.
Awo, opindikawo, anayala ndi Anselmo wanga.
Anali wopupuluma, munthu uja.»
Anaseka, kenako sanasekenso.

Ndinakakweza pang'onopang'ono,
osakachotsa m'maso,
mpaka mamita zana ndi makumi awiri,
pomwe lamulo linajambula denga lakelake
lopanda phale, lopanda msomali.
Chala changa chachikulu chinayabwa.
Ndinachiuza kuti chikhale pansi.

Ndipo kumadzulo, kuseri kwa minda yonse,
kaulusi kamodzi kowala, kopyapyala:
nyanja.
Si kagombe ka bambo. Sikanaoneke n'komwe.
Komabe ndinakaimika pamenepo, kali njo,
mpaka batire linayamba kudandaula.

Anandilipira mazira asanu ndi kachidutswa ka tchizi
kokulunga m'nyuzi.
Sindinakane, ndikanamunyoza.

Usiku uno fomu ili patebulo la kukhitchini,
pafupi ndi mbale ya mazira.
Tsiku. Ola. Malo enieni. Kutalika kwake.
Pamene alemba kuti «Cholinga cha ulendo»
pali kamzere kafupi kwambiri.
Cholembera chili m'manja.
Kugombe, mumdima, timitu titatu
tafunda nthenga za make.