Makiyi Atatu a Mayi Gilhooley

Lolemba lililonse timawerenga chopereka
m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, ine ndi Mayi Gilhooley.
Ndimakhala ndikuchokera ku ntchito ya usiku, zikope zikulemera.
Iwo amasanja makobidi m'timilu ta khumikhumi,
ine ndimalemba m'kaundula,
ndowa pakona ikuwakha mvula ya ku Cumbria
yozembera padenga: do, do, do.

Pa chingwe cha chikwama chawo pali makiyi atatu.
Awiri satsegulanso kanthu.

Woyamba ngwakuda, wolemera ngati kasemasema.
Anali wa kachipinda ka pamwamba pa khola la mahatchi,
kuseri kwa nyumba yomweramo mowa.
Kumeneko, akutero, amuna a ku Ireland
obwera kudzakumba chitsulo m'mapiri awa
ankakwera makwerero mmodzimmodzi, zipewa m'manja,
osaimba, kuopa miyala ya anyamata a m'tauni.
Wansembe ankafika kamodzi pamwezi,
chikho atachikulunga m'sokosi.
Pokweza Ukaristia, pansi hatchi inkayetsemula,
anthu n'kunong'onezana kuti nayonso yati Amen.

Wachiwiri ngwa tchalitchi cha malata,
chogulidwa ndi kakobiri kamodzi pa khomo sabata iliyonse.
Chinabwera pa sitima, m'zidutswa zolembedwa manambala.
M'chisanu madzi odalitsa ankauma gwa,
matalala akagwa ulaliki unkasochera.
Apa ndinaseka. Malata amenewo ndikuwadziwa, ndinatero,
kwathu ku Ntcheu mvula ya Januwale ikabwera
akatekisiti ankangoyasamula ngati nsomba
ife tikugwedeza mitu.

Chilipobe, kuseri kwa siteshoni.
Amagulitsiramo matayala.
Tsiku lina ndinalowamo dala
kukafunsa mtengo wa tayala la galimoto yomwe ndilibe,
ndipo pakhoma, pamwamba pa kalendala,
ndinaona chipsera cha mtanda
pomwe utoto unakana kuzilala.

Wachitatu ngwa chino, cha njerwa zofiira,
chomangidwa chaka chomwe mgodi unatsekedwa.
Ndalama analibe, akutero, anali ndi manja okhaokha
ndi masiku osowa kopita.
Bambo awo anasenza matope miyezi isanu ndi iwiri,
napeza chifuwa chomwe anapita nacho kumanda.
Anaikamo mipando ya anthu mazana atatu.
Dzulo tinalimo makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi:
banja la ku Poland lokhala ndi mapasa,
anamwino a ku Kerala,
nkhalamba zosasuntha pomwe makolo awo ankagwada,
ndi ine kumbuyo, pafupi ndi chotenthetsera.
Bambo Okwuosa anafika wefuwefu;
ali ndi maparishi atatu ndi kagalimoto kotsokomola.

Kalata ya abishopu yakhala pa bolodi masabata asanu.
Mawu ake ngosalala:
kuphatikiza, kulingalira pamodzi, mtengo wa denga.
Palibe amene waichotsa.
Palibenso amene waiwerenga mokweza.

Lero tapeza mapaundi mazana awiri ndi khumi,
ndi batani la jekete.
Potuluka zala zawo zakanika kupotokola kiyi,
nyamakazi yazikhotetsa ngati mizu ya chinangwa.
Amasula chingwe, andipatsa onse atatu.
Ndati, ndipatseni wogwira ntchitoyo basi.
Ayi, atero, awa amayendera limodzi.
Potseka uzikankha ndi phewa,
chitseko chimafufuma kukagwa mvula.
Ndipo ndowa ija usaiwale.

Ndaikhuthula. Ndaibwezera pamalo pake.

Tsopano ndikutsika ndi msewu waukulu,
makiyi akugunda ntchafu m'thumba la yunifolomu.
Kodikirira basi ndadzipeza nditakweza maso,
ndikuyeza mazenera a pamwamba pa mashopu,
pamwamba pa ometa tsitsi, pamwamba pa ogulitsa tchipisi,
kufuna chipinda chouma, cha makwerero ochepa,
chokwana anthu makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi.